Tsiku Limene Mayi Esime Anazula Chingwe

Aliyense amene anadikirapo ndi thiraki pamalire a Mwanza ankawadziwa mayi Esime Kandulu, ngakhale ambiri dzina lenileni sankalidziwa. Madalaivala akuno kwathu ankangoti "mayi a pakontena yobiriwira", pomwe a ku Tete ndi ku Beira ankati "Dona Esime". Ofesi yawo inali kontena yakale yoboola zenera limodzi, m'mbali mwa msewu pamene mathiraki amandanda podikira kuwolokera ku Zobue. Ntchito yawo inali yolembera anthu zikalata za katundu: m'thirakimu muli chiyani, n'zolemera bwanji, zikuchokera kuti, zikupita kuti. Akalemba ankatumiza kwa a kasitomu, thiraki n'kupatsidwa njira. Mukamaonera patali mungati ndi ntchito yamasewera, kungogogoda mabatani pamthunzi. Koma chikalata chilichonse chimapita chitasenza dzina la amene wachitumiza, ndipo chikanama, wabodza ndi iyeyo.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu mayiwa anagwira ntchito pamalo amene mayesero amakupeza usanamwe ndi tiyi yemwe, koma dzina lawo silinatchulidwepo pamlandu. Sikuti anali mngelo ayi. Pakamwa anali napo ndithu. Dalaivala wobwera ndi mapepala odetsedwa ndi girizi ankamukalipira ngati mwana wobereka okha. Koma munthu akabwera ndi nkhani yakuti "tingolembako pang'ono mayi, zinazo tiziiwale", ankangomulozera khomo ndi cholembera osayankhula. Galimoto analibe, nyumba yawo inali ya zipinda zitatu basi. Munda wawo unali dzinalo, ndipo ndilo linaphunzitsa ana awo atatu.

Anabadwira ku Thambani, kwa mlimi wa manachesi amene ankati mwana wa zala zazitali choncho sangathere pakhasu. Atalemba mayeso a Fomu 2, bamboyo anawatumiza ku Limbe kukaphunzira kutaipa. Anabwerako ndi satifiketi komanso kamtima konyada, n'kulembedwa ntchito ndi mnyamata wina wolongosola katundu pamalire, dzina lake Sankhani Kandulu, amene patatha chaka anaona kuti kalaliki wabwino chotere angamulande anzake, kuli bwino kungomukwatira. Masiku amenewo ntchito inali ya taipi ndi kaboni. Ukalakwitsa unkasolola pepala m'makina, kuling'amba, kuliponya m'dengu, nkhani yatha. Chimene chang'ambidwa chinali ngati sichinalembedwepo. Mayi Esime anakula ndi nzeru imeneyo mpaka inawalowa m'mafupa.

Sankhani anamwalira mu 2011. Maliro asanazizire, abale ake anabwera ndi loko wawo kudzatseka kontena, akuti ndi chuma cha m'bale wawo. Amene anaima pakhomo tsiku limenelo anali mng'ono wa malemuyo, Kinsley. Anauza achibale ake omwe kuti wofuna kukhudza chitsekocho ayambe wamugwetsa iye, ndipo anabwerera ndi loko wawo. Laisensi ya ofesi inasinthidwira m'dzina la mayi Esime. Kinsley mwiniwake anali dobadoba, munthu wopanda ofesi, wopanda laisensi, koma wodziwana ndi aliyense, woyenda ndi envulopu kukhwapa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mayi Esime ankadziwa kuti njira za mlamu wawoyo sizinali zowongoka. Koma munthu amene anakuimira tsiku la misozi umamuyang'ana ndi diso lina, ndipo ine sindiwadzudzula pamenepo.

Kenako kunabwera makompyuta. Mayi wina wachitsikana wa ku Blantyre, dzina lake Thandie, ndiye ankayenda m'maofesi a pamalire kuika pulogalamu yolembera zikalata. Kumbuyo kwa kompyuta analumikizako chingwe chabuluu chopita pakabokosi ka netiweki kukhoma. Kuyambira pamenepo chikalata sichinkapitanso pamanja. Unkalemba patebulo pako, kulowetsa dzina lako ndi mawu achinsinsi amene anthu ankangoti kiyi, n'kudina batani lotumizira. Chikalatacho chinkapita ku makina aakulu otchedwa seva, ndipo sevayo ikachilandira inkabweza nambala. Amati ili ku Blantyre, koma pamalire palibe anaionapo.

Mayi Esime anaphunzira msanga, zala zawo zinkathamanga kuposa za achinyamata. Koma sevayo sankaikonda.

"Munthu ungagwire bwanji ntchito ndi bwana amene sunamuonepo nkhope?" ankatero.

Kwa iwo, chimene chili pasikirini ndicho chinalipo, ngati pepala lija lili m'taipi. Za kutsidya kwa chingwe ankazitenga ngati nkhani za kumwamba, zoona ndithu koma zakutali.

Netiweki ikaduka, pulogalamuyo inkalola munthu kulemberatu zikalata, n'kuziika pamzere kuti zidzapite zonse pamodzi njira ikatseguka. Ndipo popeza mayi Esime anali ndi batire la sola, magetsi akazima kontena yobiriwira yokha ndiyo inkakhala ndi moyo. Anzawo a m'maofesi ena ankabwera kudzatchaja foni, kudzasindikiza pepala, ena kudzakhala pakompyuta mphindi zingapo. Ankati abwera kudzapala moto. Ndipo kwathu kuno ndani anamanapo mnzake moto? Ukhoza kukangana ndi mnansi wako m'mawa, koma akabwera ndi phale kudzapala makala sumubweza.

Mwezi wa Okutobala chaka chimene ndikukambachi kunatentha mopanda chisoni. Inali nthawi yotumiza nandolo kunja, ndipo Lolemba m'mawa sisitimu inagwa. Mathiraki anandanda mpaka kukhota pakona. Madalaivala anagona pamakatoni pansi pa matayala, ena akuphika pambaula, onse maso ali ku makontena. Mayi Esime analemberatu zikalata zisanu ndi chimodzi, n'kuzisiya pamzere.

Panali thiraki imodzi imene inaima payokha, kutali ndi zinzake, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa malo ogulitsira mafuta. Tenti yake inali yatsopano, yomangidwa mfundo pamfundo. Mayi Esime ankaidutsa popita ndi pobwera, ndipo china chake chinkawadya mumtima osadziwa kuti n'chiyani. Lachiwiri m'mawa m'pamene anazindikira. Thiraki ya nandolo, ngakhale mumange bwanji, imadontha ndithu. Pansi pa mathiraki ena onse panali mbuzi ndi nkhunda zikutola. Pansi pa iyi panalibe ngakhale nkhuku. Ndipo mphepo ikawomba kuchokera kumeneko, inkabwera ndi fungo la utomoni, ngati pamalo pochekera matabwa.

Masana a tsiku lomwelo, ali pafupi kutseka kuti apite kuchipatala ku Boma kukatenga mankhwala a BP, Kinsley analowa akudzipukuta thukuta ndi chipewa.

"Alamu, mwaswera bwanji? Dzuwa limeneli litipha."

"Taswera, kaya inu alamu. Koma mwandipeza ndikutuluka."

"Ayi, ine sindichedwa, ndangobwera kudzapala moto. Pali kapepala ndikufuna ndikataipe ndione mmene kaonekere, basi. Inu pitani, ndikatseka ndisiya makiyi kwa mayi a mandasi."

Mayi Esime anaima ndi chikwama m'manja. Anayang'ana kompyuta, anayang'ana mlamu wawo. Anadziuza kuti netiweki palibe, palibe chimene chingachoke m'kontenamo popanda kiyi wawo, ndipo kiyiyo anali m'mutu mwawo. Munthu angawononge chiyani pongotaipa?

"Musandisokonezere mzere wanga," anatero, n'kutuluka.

Lachitatu, nthawi itangopitirira teni koloko m'mawa, kunamveka mfuu kuchokera kumakontena a kumtunda: "Yabwera! Sisitimu yabwera!" Madalaivala anadzuka pamakatoni ngati aponderedwa. Kanthawi kochepa pazenera pa mayi Esime panadzaza nkhope, aliyense akutchula nambala ya thiraki yake. Netiweki ya pamalire imabwera ngati mlendo wothamanga, ukachedwa kumulonjera wapita. Mayi Esime analowetsa dzina ndi kiyi zala zikungodziyendera, n'kudina batani lotumizira zonse.

Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pasikirini. M'pamene maso awo anagwera pa nambala ya pakona. Zikalata zinali zisanu ndi ziwiri.

Chachisanu ndi chiwiricho chinali pansi penipeni. Nandolo, matani makumi atatu, wopita ku Beira. Nambala ya thiraki anaidziwa nthawi yomweyo, poti anali ataiwerenga kanayi konse podutsa pansi pa mtengo wa mango.

Kamzere kaja kanali katadutsa theka. Sanaganize kawiri. Anapisa dzanja kuseri kwa kompyuta, n'kugwira chingwe chabuluu, n'kuchizula mwamphamvu mpaka kapu ya tiyi inagwa pansi.

Kamzere kanaima. Patapita kanthawi panatuluka mawu ofiira a Chingerezi, akuti kulumikizana kwaduka, kutumiza kwalephereka.

Mayi Esime anapuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Anatsegula mzere uja, anafufuta chikalata cha Kinsley, anayang'ana kawiri kuti chachokadi. Pepala lasololedwa, lang'ambidwa, laponyedwa m'dengu. Analumikizanso chingwe n'kutumiza zawo zisanu ndi chimodzi zija. Manambala anabwera nthawi yomweyo, onse pamodzi, ngati anali atakhala kale pakhomo kudikira kuti wina atsegule. Masiku onse sevayo inkayamba yaganiza kaye. Izi zinawadabwitsa pang'ono, koma pazenera panali phokoso, ndipo anayamba kusindikiza.

Masana onse anakhala akukonza mawu oti akamuuze Kinsley akabwera kudzakalipa. Anakonza oyamba, aukali. Anakonza ena ofatsa, okumbutsa za malemu. Koma Kinsley sanabwere. Cha m'ma folo koloko anangodutsa panjinga yamoto ya kabaza, n'kukweza dzanja akumwetulira.

"Zikomo alamu! Mulungu akudalitseni!"

Mayi Esime anatsala atagwira chitseko. Munthu amene wamufufutira chikalata sathokoza. Kapena sanadziwebe? Anadziuza kuti n'zimenezo, sanadziwe. Koma chakudya cha madzulo sichinalowe.

Lachinayi m'mawa, pansi pa mtengo wa mango panalibe kanthu. Panangotsala mikwingwirima ya matayala, yozama kuposa ya thiraki ina iliyonse, yolunjika kugeti la kasitomu.

Atafika m'kontena sanavule n'komwe nsalu imene ankafunditsa kompyuta. Anatenga foni n'kuimbira Thandie.

"Mwanawe, ndifunseko. Pali mnzanga wina kuno. Akuti ankatumiza chikalata, ndiye chili pakati anazula chingwe. Makina anamuuza kuti chalephereka. Ndiye kuti sichinapite, eti?"

"Mwina sichinapite, mwina chinapita," anayankha Thandie. "Zimatengera kuti anazula nthawi yanji."

"Koma makina ananena okha kuti chalephereka!"

"Mayi, kompyuta ya patebulo imanena zimene ikudziwa iyoyo. Tiyerekeze mwaima tsidya lino la mtsinje, mukukuwira munthu wa tsidya linalo. Iye wamva, walemba. Akamati akuyankheni kuti 'ndamva', inu mwatseka makutu. Inu mudzati uthenga sunafike poti yankho simunalimve. Koma uko alemba kale."

Mayi Esime anakhala pansi.

"Nanga akachifufuta pakompyuta pake?"

"Wafufuta kope lake basi. Mumuuze atsegule pamene pamaonetsa zimene seva yalandira, osati zimene iye watumiza. Chikakhalapo, ndiye kuti chilipo." Kenako Thandie anafunsa: "Mayi Kandulu, mnzanuyo ndi ndani?"

"Chingafufutike kumeneko?"

"Chimene chalowa mu seva sichifufutika. Angathe kupempha a kasitomu kuti achiimitse, koma apite pompano, thiraki isanafike pamene amasecha katundu. Akapita yekha isanagwidwe, nkhani imakhala ina. Mayi, mukundimva? Pompano."

Anavundukula kompyuta, anatsegula pamene Thandie ananena. Zinalipo zonse zisanu ndi ziwiri, zondandalikidwa bwinobwino. Chachisanu ndi chiwiri chinali ndi nambala yake, nthawi yake, mphindi khumi ndi zinayi itadutsa teni koloko, ndipo pambali pake panali dzina la wotumiza: Esime Kandulu. Madzi akatayika saoleka.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa ndikamakamba nkhaniyi, chifukwa nthawi inalipo. Kuchokera pakontena kukafika kugeti ndi ulendo wa mphindi zisanu. Koma kupita kumeneko kunali kukatchula dzina la Kinsley pamaso pa boma, iye asanamve n'komwe. Mayi Esime anaona kuti zimenezo si umunthu. Anati ayambe amupeza, amuuze kuti akabweze yekha thirakiyo, chibale chisafere pamsewu. Anamuimbira, foni inali yotseka. Anapita kumene amakonda kukhala, pa osintha ndalama, anati sanaoneke. Anakwera kabaza mpaka kunyumba kwake, n'kupeza mkazi wake akuchapa, akuti bambo anachoka m'bandakucha, anati apita ku Zobue kukaona mnzawo wodwala. Mkaziyo polankhula sanadzutse mutu m'beseni.

Pobwerera dzuwa linali pamutu. Pakhomo pa kontena anapeza dalaivala wina wachikulire, bambo Latifu, amene ankalembetsa zikalata zake kwa iwo kwa zaka zambiri. Anali atavula kapu yake, akuizunguza m'manja.

"Mayi, mwamva za kugetiko?"

"Sindinamve."

"Thiraki ija ya pamango aivundukula. Matumba a nandolo mizere iwiri yokha pamwamba. Pansi ponse mitengo, mayi, zipika zikuluzikulu zosaloledwa kutuluka. Dalaivala walumpha mpanda, wathawa." Anayang'ana pansi. "Anthu akunena zambiri. Ine ndawauza kuti sizingatheke, mayi amene uja ndimawadziwa."

Mayi Esime anathokoza. Analowa, anazimitsa kompyuta, anaifunditsa nsalu yake, anakhoma chitseko. Sanadikire kuti adzawatenge. Anayenda okha kudutsa pakati pa mathiraki, ndipo madalaivala amene masiku onse ankawakuwira moni anali otanganidwa mwadzidzidzi, wina ndi tayala, wina ndi foni.

Amene anawalandira anali bambo Timoti, ofisala amene anayamba ntchito pamalirepo mayi Esime ali kale ndi zaka khumi pakontena. Anawapatsa mpando, anatseka chitseko. Patebulo panali pepala losindikizidwa, ndipo mayi Esime anatha kuwerenga dzina lawo ngakhale linali chadodolido.

"Mayi Kandulu, ndimati nditume munthu, koma mwachita bwino kubwera nokha. Chikalata ichi mukuchidziwa?"

"Ndikuchidziwa, bambo. Koma ine ndinazula chingwe. Makina anandiuza kuti chalephereka. Ndinachifufuta ndi dzanja langali."

Bambo Timoti anagwedeza mutu pang'onopang'ono, osati mokana, koma ngati munthu amene wamva za matenda a mnzake.

"Ndikukhulupirirani. Koma kuno chinafika chathunthu, ndi kiyi wanu. Munadziwa liti kuti chafika?"

"Lero m'mawa."

"Nthawi yanji?"

"Cha m'ma seveni."

Bambo Timoti anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itadutsa wanu koloko.

"Ndikuuzeni chilungamo, mayi, poti ndinu kholo langa pantchito ino. Mukati munalemba ndinu, mlandu wa mitengoyi ndi wanu, ndipo ukathera kukhoti. Mukati analemba wina pamakina anu, mumutchule, timufune. Koma mukatero mwavomera kuti munasiyira makina a ofesi munthu wopanda laisensi, n'kutumiza chimene simunawerenge. Pamenepo laisensi yanu ndiyenera kuiimitsa lero lomwe. Njira yachitatu ndilibe."

Mayi Esime anayang'ana manja awo. Anaganiza za tsiku la loko lija, Kinsley ataima pakhomo kuwatchinjiriza. Anaganiza za dzanja lake lija, limene anawakwezera ali panjinga dzulo lake. Anadabwa kuona kuti mkwiyo analibe, anali ndi manyazi okha, manyazi olemera ngati a munthu amene wagwa pamsika.

"Analemba ndi alamu anga, a Kinsley Kandulu," anatero. "Anati akudzapala moto. Ndinawasiyira ndine, osakakamizidwa ndi munthu."

Bambo Timoti anakokera kiyibodi pafupi. Ankataipa ndi zala ziwiri, kufunafuna chilembo chilichonse, ndipo mayi Esime anadzigwira kuti asawauze pamene pali chilembo cha K. Analemba mawu awo onse, anawawerengera, anafunsa ngati pali chosintha. Panalibe. Kenako anatsegula tsamba lina, la malaisensi, analowetsa dzina ndi kiyi wa iwo eni, n'kutembenuzira sikirini pang'ono kumbali kuti mayiwo asaone. Koma chipindacho chinali chaching'ono.

"Mundikhululukire, mayi," anatero, n'kudina.

Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda. Mayi Esime anakayang'anitsitsa, manja ali pamiyendo. Sikanaime, sikanazengereze, kanafika kumapeto, ndipo nambala inabwera. Netiweki tsiku limenelo inali bwinobwino.